Chimene chimagwetsa nyumba zakale za ku Kasungu

Tawuni ya Kasungu ikukula mofulumira. Kalembera wa 2018 anapeza kuti muli anthu opitirira 58,000, ndipo aliyense wodutsa pa msewu wa M1 amadzionera yekha mashopu atsopano, malo omwetsera mafuta galimoto, malo ogona alendo ndi mipanda ya njerwa imene ikumera mbali zonse. Chimene timaiwala kufunsa n'chakuti pamalo amenewa panali chiyani kale. Ena analidi thengo kapena munda wa chimanga. Koma pena panali sitolo ya khonde lalitali, pena nyumba ya mkulu wa boma yozunguliridwa ndi mitengo ya mango, pena nyumba yaikulu ya manijala wa fodya. Nyumba zoterezi zikutha imodziimodzi, ndipo kawirikawiri anthu amadzidzimuka ataona lole ikututa njerwa zake.

Anthu akamadandaula amaloza chala wogumula kapena wogula puloti. Ine ndimaona kuti amenewa amafika zinthu zitatha kale. Nyumba ikamafika poigwetsa imakhala itagonja zaka zambiri m'mbuyomo chifukwa cha denga limene linasiyidwa likudontha, mkangano wa eni ake, mtengo wa malo umene unaposa mtengo wa nyumbayo, ndiponso lamulo limene silinaidziwe n'komwe. Wofuna kupulumutsa nyumba ayenera kuyang'ana kumeneko.

Nyumba zake ndi ziti?

Kasungu si Zomba kapena Blantyre. Kuno kulibe nyumba yonga Mandala, imene kampani ya African Lakes inamanga mu 1882 ndipo idakaimabe, kapena Masongola ya ku Zomba ya mu 1886. Komabe dera lathu lili ndi nyumba zimene zimasunga mbiri yake, ndipo zinabwera nthawi zosiyanasiyana.

Zoyamba ndi za boma la atsamunda. Asilikali a Angerezi atagonjetsa mfumu Mwase Kasungu kumapeto kwa 1895 anakhazikitsa linga la Fort Alston, ndipo anansi athu a ku Mchinji boma lawo linkatchedwa Fort Manning mpaka dzinalo linasinthidwa dziko litalandira ufulu. Pambuyo pa malinga panabwera maofesi ndi nyumba za akuluakulu a boma, za makoma ochindikala, denga lalitali ndi khonde lozungulira. Kenaka pali za mishoni, monga ku Chilanga kuno ku Kasungu ndi seminale ya Kachebere ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 1939. Palinso masitolo a amwenye, aja a khonde kutsogolo pamene telala ankakhala ndi makina ake, eni ake n'kumagona kumbuyo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu linalamula amalonda amenewa kuchoka m'midzi ndi m'matawuni aang'ono kupita ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo masitolowo anagwera m'manja atsopano.

Gulu limene lili la Kasungu penipeni ndi la fodya ndi la nthawi ya Kamuzu. Fodya wa fuluu atakula m'zaka za m'ma 1970, kudzera mu Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi maesiteti a Press, kunamangidwa nyumba za mamanijala, maofesi, mosungira katundu ndi mabani a njerwa ochuluka zedi. Nthawi yomweyo Kamuzu ankamanga kwawo: nyumba yake ya Nguru ya Nawambe, nyumba za ku Chiwengo, ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama imene inatsegulidwa mu 1981.

Nyumba za gulu lomalizali n'zimene ndimazidera nkhawa kwambiri, chifukwa cha msinkhu wake. Nyumba ya zaka 120 aliyense amaipatsa ulemu. Ya zaka 10 idakali yamakono. Koma ya zaka 45 kapena 55 anthu amangoiona ngati yachikale, pomwe sinakalambe mokwanira kuti wina aitchule mbiri. Pa msinkhu umenewu ndi pamenenso malata, mapaipi ndi mawaya a magetsi zimatha mphamvu nthawi imodzi. Ndiye mwini wake akukumana ndi ndalama zambiri zokonzera pa nyumba imene palibe womuuza kuti ndi yofunika.

Zimayambira kudenga

Funsani mmisiri aliyense wachikulire, akuuzani kuti nyumba yakale imaphedwa ndi madzi. Zambiri mwa nyumbazi zinamangidwa ndi njerwa zowotcha zolumikizidwa ndi dothi kapena njereza, osati simenti. Khoma lotere ndi lolimba kwambiri likakhala louma, ndipo likhoza kukhala zaka mazana. Omanga akale ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake ankaika khonde lalikulu ndi denga lotulukira patali. Ife timaganiza kuti khonde linali longokhalapo madzulo, koma ntchito yake ina inali yotchinjiriza khoma ku mvula ndi kuziziritsa m'nyumba.

Tsoka limayamba ndi kanthu kochepa. Msomali umodzi wa lata wazuka ndi mphepo ya mu Ogasiti. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, madzi amalowa pang'onopang'ono n'kumanyowetsa mitengo ya denga ndi siling'i. Wokhalamo amaika beseni pansi, nkhani yatha. Chaka chachiwiri mtengo uja wayamba kufumbwa, ndipo chiswe, chimene chimakonda ponyowa, chapeza njira kuchokera pansi kudzera m'dothi la pakati pa njerwa. Chiswe chimadya thabwa m'kati n'kusiya khungu lakunja likuoneka bwinobwino, kotero mwini nyumba amazindikira mochedwa. Denga likayamba kutsika limakankha makoma, ming'alu imatseguka pamwamba pa mawindo, madzi ambiri n'kumalowa. Pofika apa ntchito imene ikanatheka ndi munthu mmodzi, makwerero ndi misomali yochepa yasanduka yochotsa denga lonse.

Pali kuwononga kwina kumene kumachitika ndi mtima wabwino. Munthu waona khoma likuyoyoka m'munsi, ndiye amagula simenti n'kulipaka pulasitala wolimba, kenaka penti ya mafuta. Khoma la dothi kapena njereza limayamwa chinyezi cha pansi n'kuchitulutsira kunja nyengo ikauma. Mukalitseka ndi simenti limakhala ngati munthu wovala pepala la pulasitiki padzuwa la mu Okutobala: thukuta lilibe kotulukira. Chinyezi chimakwera m'mwamba, njerwa zimafewa m'kati, ndipo patapita zaka pulasitala uja amagwa chigamba chonse atanyamula nkhope za njerwa. Ena amatseka khonde kuti apeze chipinda china cha lendi, ena amathira konkire pabwalo mokwera kuposa maziko, madzi a mvula n'kumathamangira kukhoma. Palibe mwa anthuwa amene ankafuna kugwetsa nyumba. Amisiri odziwa kusakaniza njereza ndi mchenga atsala ochepa, ndipo achinyamata ophunzira zomangamanga amazolowera simenti ndi mabuloko basi.

Mwini wake ndani?

Msomali uja sukhomedwa chifukwa palibe amene akuona kuti ndi ntchito yake. Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo zimachitika m'njira zingapo.

Yofala kwambiri ndi ya chuma chamasiye. Bambo amene anagula sitolo kapena nyumba yaikulu m'ma 1970 wamwalira osasiya wilo. Lamulo la 2011 la chuma chamasiye limateteza mkazi ndi ana kuti asalandidwe katundu, ndipo n'labwino. Koma nyumba sigawika monga zimagawikira ng'ombe kapena ndalama. Ana ena ali ku Lilongwe, wina ku Johannesburg, wina akukhala m'nyumba momwemo. Wokhalamo safuna kuwononga ndalama zake pa chinthu cha anthu onse, akutali safuna kutumiza ndalama zokonzera nyumba imene sagonamo. Lendi ikabwera imagawidwa yonse osatsalako ya malata. Mkangano ukafika kukhoti zaka zimapita, mvula ikugwa chaka ndi chaka osadikira chigamulo. Mapeto ake pamabwera wogula ndi ndalama m'manja, ndipo kugulitsa kumakhala chinthu chokhacho chimene abale onse angagwirizane. Sindiwaweruza mabanja oterewa. Ambiri ali ndi fizi yolipira ndi odwala osamalira.

Nyumba za boma zili ndi vuto lina. Wokhalamo amadziwa kuti tsiku lililonse akhoza kusamutsidwa, ndiye sangagule malata a nyumba imene si yake, ndipo ndalama zokonzera nyumba zimapikisana ndi mankhwala, malipiro ndi feteleza. Za makampani nazo zinasokonekera pamene chuma chinasintha. Kuyambira mu 1996 boma linayamba kugulitsa makampani ake, maesiteti ena anachepetsa ntchito, ena anasiya fodya wa fuluu chifukwa cha kukwera mtengo kwa nkhuni ndi kusakhazikika kwa mitengo ku okushoni. Nyumba ya manijala ikakhala yopanda munthu, usiku kumasowa mafelemu a mawindo, kenaka zitseko, kenaka malata.

Yerekezani ndi nyumba za mishoni. Zambiri n'zakale kuposa za maesiteti, komabe zidakalipo. Sikuti zinamangidwa ndi njerwa zamatsenga. Mwini wake ndi mmodzi, sasamuka, sagawa katundu pakati pa ana, ndipo sabata iliyonse mumalowa anthu amene amaona pamene padontha n'kusonkha ndalama.

Masamu a puloti

Nyumba zakale zinamangidwa nthawi imene malo sanali ovuta. Nyumba imodzi inkakhala pakati pa puloti lalikulu, kutsogolo maluwa, kumbuyo mitengo ya zipatso ndi nyumba ya antchito. Nthawi imeneyo mwina malowo anali kunja kwa tawuni. Lero tawuni yawapeza ndi kuwazungulira, ndipo ena ali m'mphepete mwa msewu waukulu pamene wamalonda aliyense akupafuna.

Ndiye mwini malo amawerengera. Nyumba yakale imabweretsa lendi ya banja limodzi, ndipo banjalo limadandaula za kudontha. Pamalo omwewo pakhoza kukwana mzere wa mashopu ndi zipinda za maofesi pamwamba, chilichonse ndi lendi yake. Banki ikamapereka ngongole imayang'ana ndalama zimene malowo azibweretsa, sifunsa kuti munagonapo ndani. Kukonza nako kwakwera: kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malata, penti, magalasi ndi simenti zinakwera nawo, pomwe lendi ya nyumba yakale singakwere mofanana.

Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira. Nyumba yakale ili ndi msika ikagumulidwa. Malata akale ndi ochindikala kuposa ambiri a masiku ano. Zitseko ndi mafelemu a mlombwa kapena mbawa n'zosowa chifukwa mitengoyo yatha m'nkhalango zambiri. Njerwa zomangira dothi zimachoka zathunthu, ongozipala pang'ono n'kuzigulitsa. Choncho ubwino womwewo wa kamangidwe kakale ndi umene umachepetsa mtengo wogumulira, mwina wogumulayo n'kupezapo phindu. Nyumba ya simenti yokhayokha imafuna ndalama kuti muigwetse, pomwe yakale imadzilipirira yokha.

Nanga lamulo lili kuti?

Lamulo lilipo. Dziko lino linakhazikitsa nthambi yoona za zinthu zakale mu 1967, ndipo lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limapatsa nduna mphamvu yolengeza kuti nyumba kapena malo akuti ndi otetezedwa. Zikatero mwini wake saloledwa kugumula kapena kusintha popanda chilolezo. Umu ndi mmene nyumba ya Mandala ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa pakati pa 1888 ndi 1891, zilili pansi pa chitetezo.

Koma chitetezo champhamvu chotere chimafikira nyumba imene yalengezedwa. Sitolo yakale ya pa Kasungu kapena bani la fodya la ku Chamama, ngati palibe anazilemba n'kuzipereka kwa oyenera, pamaso pa ofesi ndi nyumba wamba. Womanga m'tawuni amapita kukhonsolo ndi mapulani ake monga lamulo la 2016 la mapulani a malo likunenera. Akhonsolo amayang'ana ngati nyumba yatsopanoyo ili patali mokwanira ndi msewu, ngati ili ndi zimbudzi, ngati ndi yolimba. Funso loti pamalopo pali chiyani panopa limabwera pokhapokha pali mndandanda woti aonepo. Khonsolo nayo imafuna ndalama, ndipo mashopu atsopano amabweretsa msonkho wochuluka kuposa nyumba imodzi yokalamba.

Tili ndi mbiri inanso imene inazolowetsa maso athu kuona chakale ngati chonyansa. Kuyambira nthawi ya Kamuzu, makhonsolo a mizinda, makamaka Blantyre, akhala akujambula nyenyezi yofiira pa nyumba zimene aziona kuti zatha, kutanthauza kuti mwini wake aikonze kapena aigwetse. Cholinga chake n'chomveka, chifukwa nyumba yogwera anthu ndi ngozi. Vuto n'lakuti nyenyezi yokha siisiyanitsa chisakasa chomangidwa mwachinyengo ndi nyumba ya mbiri imene yangosowa denga.

Ndipo tinene chilungamo za mwini nyumba. Kumuuza kuti nyumba yako ndi chuma cha dziko, usaikhudze, popanda kumuthandiza ngakhale lata limodzi, ndi kumusenzetsa yekha katundu wa anthu onse. Munthu wotere amaopa kuti nyumba yake ilembedwe, ndipo njira yapafupi kwa iye ndi kuisiya iwonongeke mpaka aliyense avomereze kuti yatha.

Mbiri ya yani?

Pali anthu amene amati zigwe basi, ndipo maganizo awo si opepuka. Nyumba ya bwanamkubwa wachitsamunda inali malo ochokerako malamulo a msonkho. Nyumba ya manijala wa esiteti inkawala magetsi pamene matenanti ankagona m'tinyumba ta udzu, akudya chimanga cha ngongole chodzadulidwa pa fodya wawo. Nyumba za nthawi ya chipani chimodzi zimakumbutsa ena za abale awo amene anatsekeredwa popanda mlandu. Munthu wakumva kuwawa kotere simungamuuze kuti asirire khonde.

Komabe ine ndimaima pa mbali yoti zina mwa nyumbazi zisungidwe, ndipo chifukwa changa chimachokera m'kuwawa komweko. Anaumba njerwa zija ndani? Anadula mitengo, kucheka matabwa, kutunga madzi ndi kukwera padenga ndani? Ndi agogo athu. Maina awo sanalembedwe m'mabuku a boma kapena a kampani, ndipo khomalo ndi umboni umene watsala wa luso lawo. Chinanso, mwana wa sukulu amene wawerenga za utsamunda kapena za utenanti amamva mosiyana akaima pabwalo n'kuona ndi maso kukula kwa nyumba ya bwana ndi kuchepa kwa boyizikota kumbuyo kwake. Mukagumula zonse ziwiri, wodzakana kuti zinthu zinali choncho adzakhala ndi mpata. Nguru ya Nawambe ndi yofunika kwa wokonda Kamuzu ndiponso kwa amene anazunzika mu ulamuliro wake, chifukwa onsewo akufuna kuti zidzukulu zidzadziwe kuti munthuyo anali wotani.

Sindikunena kuti chilichonse chakale chikhale. Tawuni ikufunika mashopu, achinyamata akufuna ntchito, ndipo nyumba zina zinafika poti sizingadzukenso. Chimene chimandiwawa n'chakuti panopa palibe kusankha. Imene yagwa ndi imene yatsala zimangotengera kuti mwini wake wamwalira liti ndiponso puloti lili pafupi bwanji ndi msewu.

Zimene zapulumuka zinapulumuka bwanji

Nyumba zakale zimene zilipobe m'dziko muno pafupifupi zonse zili ndi ntchito. Ku Mandala kuli malo odyera ndi ogulitsira zojambula pansi, laibulale ya Society of Malawi pamwamba. Masongola inasanduka hotela. Stone House ya ku Livingstonia, imene ankakhalamo mmishonale Robert Laws, inasanduka malo osungira zinthu zakale ndi ogona alendo. Nyumba yokhala ndi anthu imatsegulidwa mawindo, imasesedwa, ndipo ikadontha wina amadandaula tsiku lomwelo.

Kuno mwayi wotere ulipo. Alendo opita ku Kasungu National Park, makolo opita ku Mtunthama, ogula fodya, soya ndi mtedza, mabungwe ofuna maofesi, onsewa amafuna malo. Nyumba ya makoma ochindikala ndi denga lalitali imazizira yokha mu Okutobala popanda makina, zimene n'zofunika pamene magetsi amazimazima. Ndipo puloti likakhala lalikulu, sikuti nthawi zonse muyenera kusankha pakati pa nyumba ndi mashopu. Mashopu akhoza kumangidwa m'mphepete, nyumba n'kutsala pakati ngati ofesi kapena malo odyera. Mwini malo apezabe ndalama, ngakhale zocheperako, ndipo khonsolo ikhoza kumupepuzira msonkho wa malo pa zaka zimene akukonza.

Koma zonsezi zimafuna mndandanda, ndipo umenewu sufuna kudikira thandizo lakunja. Aphunzitsi a mbiri m'masekondale athu, ophunzira awo, mafumu, atsogoleri a mipingo ndi akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maesiteti akhoza kuyenda m'tawuni ndi m'madera monga Chulu, Santhe ndi Chamama, kujambula nyumba iliyonse ndi foni, kulemba kuti inamangidwa nthawi iti, ankagwiritsa ntchito ndani, denga lili bwanji, ndipo mwini wake lero ndani. Okalamba amene anaumba njerwa za m'ma 1970 ambiri adakali moyo ndipo akhoza kufotokoza okha. Kope limodzi lipite kukhonsolo, lina ku nthambi yoona za zinthu zakale, kuti wobwera ndi mapulani ogumula akumane ndi funso asanayambe. Ngakhale nyumba itagamulidwa kuti igwe, ikhale itajambulidwa ndi kuyezedwa.

Pa mndandandawo, zoyamba kuthamangira zisakhale zokongola kwambiri. Zikhale zimene mulibe munthu, zimene eni ake ali pa mkangano, ndi zimene zili m'mphepete mwa msewu waukulu. Kwa zoterezi ntchito yoyamba ndi kupeza wachibale kapena ofesi yovomera kuti mmisiri akwere padenga mu Seputembala kapena Okutobala, akhome malata omasuka, achotse zinyalala m'ngalande, agumule njira za chiswe ndi kupatutsa madzi kuti asaime m'mbali mwa khoma mvula isanayambe.